Bulauzi Yoyera ya a Keziya

Kwathu ku Zemba mawu akuti "wosalapa" timanenera mbuzi yobwerera m'munda momwe anaithamangitsa dzulo, chidakwa, ndi mkulu wanga a Keziya. Mbuzi ndi chidakwa ndimawamvetsa. A Keziya ndiwo andilemetsa.

Anali mlimi wa mtedza, ndiponso woyambitsa nyimbo m'gulu la amayi a mpingo. Chaka cha chilala, mu 1992, mwana wa mayi wina wothawa nkhondo ku Mozambique anamwalira m'kachisakasa kuseri kwa nyumba ya a Keziya. Nsalu yokulungira mtembo panalibe. A Keziya anangolowa m'nyumba, n'kutulutsa bulauzi yoyera ya yunifomu, yomwe abusa anaipempherera powaveka, n'kukulungamo mwanayo.

Amayi anzawo anapsa mtima, ndipo anawaimitsa m'gulu. Kubwereramo kunali kosavuta: kuimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti "ndalapa". Basi! Koma zaka zinkangopita, iwo ali phee, kumangopalira mtedza wawo.

Kenaka chifuwa chinawagwira, anawonda n'kutsala mafupa okhaokha. Ine mantha anandigwira, chifukwa mayi woimitsidwa akamwalira, amayi a yunifomu samuimbira. Munthu woimbira mudzi wonse apite kumanda mwakachetechete?

"Akulu, ingonenani ndi pakamwa," ndinawachonderera. "Mtima ukhale wanu."

"Nanga pakamwapo m'pa yani?" anandiyankha.

Ndinakalipa, ndinalira, mpaka anavomera kuti ndiwakweze panjinga kupita nawo kutchalitchi. Njira yonse ndinkawaphunzitsa ngati mwana wa giredi wani.

Mkulu wa mpingo, a Bernado, anali munthu wofatsa, ndipo anawafupikitsira mlandu. "Mayi, sitifuna zambiri. Kodi pa zimene munachita zija pali chimene chimakuwawani mumtima?"

"Chilipo," anatero a Keziya.

Mtima wanga unakhala pansi. Amayi ena anayamba kale kung'ung'udza nyimbo.

A Keziya anatsokomola, n'kugwira benchi kuti asagwe. "Bulauzi ija inali yaifupi. Timapazi ta mwana tinatsala kunja, dothi n'kutigwera. Duku loyera linali pomwepo pamsomali, koma ndinaliumira. Limenelo ndilo limandiwawa."

Nyimbo inathera pakhosi. Ndinawakwezanso panjinga, ndipo mpaka kunyumba sindinathe kuwakalipira.