Mwana Wongobadwa Kumene Sagona

Ntchito ndinaipeza chifukwa cha nyuzipepala yokulungira usipa. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, koma pepala lililonse londidutsa pamaso ndinkaliwerenga, ngakhale lonunkha nsomba. Tsiku lina pamsika wa Namwera, a Sisitala Gondwe, namwino wa kachipatala kena ka kumalire, anandipeza ndikuwerenga mokweza pepala la usipa wawo ndisanawapatse.

"Chiyao mumatha?" anandifunsa.

"Ndinayamwa," ndinayankha.

Othawa nkhondo ku Mozambiki anali atadzaza derali, ndipo a Sisitala, pokhala Mtumbuka, sankamvana nawo. Mawa lake ndinali womasulira, wosesa, komanso wowiritsa zida. Ankanditcha a Pulofesa, ine osakana.

Za mwana wobadwa osalira anandiphunzitsa pa chidole. Kumupukuta ndi nsalu youma, kumutikita pamsana, kuyamwa zotsekereza m'kamwa ndi m'mphuno ndi kachubu. Akapanda kupuma, kumuvundikira kamasiki pakamwa ndi pamphuno, n'kumafinya chibaluni cha mphira chomwe tinkachitcha ambu, maso ali pachifuwa ngati chikukwera. "Ubongo sudikira," ankatero. "Mphindi yoyamba ndi yathu. Zotsatirazo zimadya mwana." Ndinalemba mawuwo m'kope, ndi kuwatseka mzere kunsi.

Linali Lachiwiri masana, tsiku la sikelo. Bedi lochilira linali limodzi, ndipo a Sisitala anali pomwepo ndi mayi wotaya magazi. Mtsikana wina wochokera kutsidya, Asiyatu, anachilira m'chisakasa cha odikirira, momwe mwamuna salowa. Apongozi ake, Abiti Ndala, anabwera pomwe ndinkawiritsa masizasi. Anagwada, maso pansi.

"Mwanache agonile," anatero.

Ndinagogoda pachitseko. "Sisitala, kuchisakasa mwana wabadwa. Akuti wagona."

"Amufunditse, ndikubwera!"

Ndinabwerera pambaula, wokhutira kuti ndamasulira liwu ndi liwu.

Kenaka kunamveka khasu likumenyedwa ndi mwala, ngwe, ngwe, ngwe. A Sisitala anatuluka magolovesi ali magazi okhaokha. "Khasulo akuombera ndani?" Chiyao sankachimva, koma khasu ankalidziwa: amayi amaliomba pakhutu pa mwana wosapuma kuti adzidzimuke.

"Ambu, a Pulofesa! Thamangani!"

Ndinalowa m'chisakasa, mwambo kapena ayi. Mwanayo anali wotuwa, wolendewera ngati nsalu yonyowa. A Sisitala anapukuta, anatikita, anayamwa. Ine ndinafinya, ndikuwerenga mokweza. Patapita nthawi yomwe sindifuna kuidziwa, mwanayo anakoka mpweya. Analira pang'ono, ngati kamwana ka mbuzi kali kutali. Amayi a m'chisakasamo analulutira. A Sisitala sanamwetulire.

Mawa lake mwanayo anayamba kukoka manja ndi miyendo, akulephera kuyamwa. A Sisitala sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Anangoti, "A Pulofesa, mwana wongobadwa kumene sagona. Amayamba walira."

Amayi anga nditawafotokozera anagwira pakamwa. Anati mzimayi sanganene poyera kuti khanda silikupuma, makamaka kwa mwamuna. Amazungulira, ndipo wakumva amathamanga. Ine Chiyao changa chinali cha pamsika ndi pabawo. Cha m'chikuta palibe amene anachilemba pa nyuzipepala.

Mwana uja anamutcha Yusufu. Ankabwera naye kusikelo. Anzake anakhala, anakwawa, anayenda. Iye mutu uli lende kumsana kwa mayi ake, timanja tofumbata. Abiti Ndala ankandibweretsera chinangwa, n'kumauza anzawo kuti, "Awa ndi amene anamuuzira mpweya." Ndinkalandira ndi manja awiri. Chinangwacho sichinkatsika.

Nkhondo itatha anabwerera kwawo. Sindidziwa ngati Yusufu ali moyo.

Ndinagwira ntchitoyo zaka zambiri, ndipo ana ena tinawapeza m'nthawi yake. Ndinasiya kufunsa kuti mwana ali bwanji. Ndinkafunsa chimodzi chokha, nditanyamula kale ambu: "Walira?" Ndi liwu lalifupi, losafuna Pulofesa. Tsiku lija liwulo linali m'kamwa mwanga momwemu.