Nthambi ya ku Mughese Inachotsa Mantha a Mwamuna Wanga

Mwamuna wanga ndi mkulu wake anayamwa bere limodzi, koma mitima yawo inali yosiyana kutali. Alamu anga anali olusa, okangana ndi aliyense pogulitsa khofi. Mwamuna wanga, amene ankalondera nkhalango ya Mughese, anali wamantha. Wailesi ikatchula mtsogoleri wa dziko, ankaleka kutafuna. Masiku a chipani chimodzi aja mantha otere anali nzeru, ndipo mtima wanga unkakhala pansi.

Tsiku lina kuli chimphepo nthambi inathyoka n'kumugwera pamphumi. Anzake anamunyamula pamachira mpaka kumsewu, ndipo anagonekedwa m'chipatala cha pa Boma milungu ingapo. Bala linapola. Ankatizindikira tonse, mayina a mitengo sanaiwale, koma amene ndinabwerera naye kunyumba sanali munthu yemwe uja. Ankaseka pamaliro, ankadula mawu akuluakulu a mpingo. Chobwera m'mutu chinkatulukira pakamwa pomwepo.

Titapitanso ku Boma kuti akamupime, tinadzera kumsika. Pachipata panali achinyamata atatu a chipani akuona ngati aliyense ali ndi khadi la chipani. Ine ndinaonetsa langa. Iye anatulutsa lake, n'kulikweza m'mwamba.

"Kodi kapepala aka n'kamene kamabereketsa nthochi?" anafunsa mokweza. "Nanga tomato wa mayi uyu ali nalo khadi?"

Ndinkadziwa mabanja awiri amene abambo ake anatengedwa chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewa, ndipo mmodzi sanabwerere.

"Bwerezani, adada," anatero wamkulu wa anyamatawo.

Ndinagwada pafumbi. "Phepani chomene, mabwana. Ngodwala mutu. Taonani chipserachi."

Mwamuna wanga anabwereza ndithu, uku akuseka. Anyamatawo anamukokera kupolisi, ine pambuyo. Wapolisi amene tinamupeza anali wa kum'mwera. Anayang'ana chipsera chija nthawi yaitali, kenako anandiuza chapansipansi: "Mayi, thamangani mukatenge kalata ya kuchipatala. Dzuwa likapendeka musanabwere nayo, dzina lake ndilitumiza kwa akuluakulu."

Dokotala anali bambo wachikulire. Atamva nkhaniyo anatseka chitseko, n'kudzigwira pamphumi.

"Amama, mbali iyi ya ubongo ndi imene imamugwira munthu kuti ayambe waganiza asanalankhule. Ena imawagwira zolimba chibadwire, monga amuna anu kale, ena mofooka. Nthambi ija inawononga pamenepa. Sindikulonjezani kuti adzabwerera mwakale."

Analemba kalatayo, ndipo anaiwerenga kawiri asanasaine. Nditabwerera nayo, wapolisi uja anaisunga, n'kutiuza kuti titulukire khomo lakuseri, ndipo mwamuna wanga asadzaonekenso pamsika.

Alamu anga atamva, anatsitsa mawu. Aka kanali koyamba kuwamva akunong'ona. Tinagwirizana kuti mng'ono wawo asiye ntchito, azilima khofi kumunda wa kumtunda kumene sikudutsa anthu.

Zaka zotsatira ndinakhala maso ali kunjira. Mlendo akamakwera phiri, ndinkathamangira kukamuchingamira patali, kuti asafike pamene mwamuna wanga ali. Kutchalitchi ndinkakhala pafupi ndi khomo, wokonzeka kumutulutsa. Tsiku lina tikuthyola khofi anandiyang'anitsitsa n'kufunsa, osaseka konse: "Amayi a ana, mwaonda. Kodi mukuopa chiyani?"

Ndinayesa kumufotokozera. Anamvetsera bwinobwino mpaka ndinamaliza, anavomera ndi mutu, n'kupitiriza kuthyola akuimba kanyimbo.