Nsinjilo mu Kari ya a Julio

Kalabu yathu ya m'Petauke ndi yakale kuposa ife tonse amene timacezamo. Malata anacita dzimbili, tebulo la masewela a pulu linapendekeka, ndipo belu lake ndi citsulo cimene akuti cinacokela ku mgodi wa Sasare. Koma Lacisanu masana citsuloco cikalila, aphunzitsi, manesi ndi akalaliki a paboma timathamanga ngati kwatuluka inswa. Sitithamangila mowa ayi. Timathamangila kari ya mbuzi ya a Julio.

A Julio anafika kuno akuthawa nkhondo ya ku Mozambiki, atanyamula mphasa yokha. Anzawo atabwelela kwawo, iwo anatsala, napeza nchito ya kukhichini kwa amai Zubeda, amwenye amene anali ndi sitolo pafupi ndi msika. Amaiwo anali olongolola, koma anawaphunzitsa zonse: kukazinga anyezi mpaka afiile, kupela zokometsela pamwala, kulawa msuzi poudonthezela pacikhatho. A Julio akalakwitsa ankatambasula dzanja, cipande n'kugwapo. Amuna awo atamwalila, amai Zubeda anatsatila ana awo ku Mangalande, ndipo a Julio analowa nchito ku kalabu.

Ine ananditumiza kuno kucokela ku Mongu, ndipo kari imeneyi ndaidya zaka khumi ndi zisanu. Sindinawaonepo a Julio akuopa munthu mpaka mwezi watha, titamva kuti amai Zubeda akubwela kudzaona manda a amuna awo, ndipo akufuna kulawa kari ya wophunzila wawo.

"A Mubiana, nafwa ine," anandinong'oneza. "Iyi kari mumadya si ija ananiphunzitsa."

Ndiye anaulula. Caka cina zokometsela za amwenye zitasowa m'masitolo, iwo anathila nsinjilo za nshawa kuti msuzi ulimbe, ndi bwemba wa ku Nyimba kuti uwawase. Anthu ananyambita mbale, iwo osasiyanso. Tsopano ankaopa kuti munthu amene anawapatsa luso adzanena kuti anamuonongela nchito.

Lacinayi anayesa kuphika mwakale, natiitana kuti tilawe. Tinadya mwaulemu, koma mbale zinabwelela ndi msuzi. Ine ndinawauza mosabisa kuti mwana wa ng'ona sakulila dziwe limodzi, aphike imene manja awo azolowela.

Lacisanu a Julio anadzuka m'mamawa, nakaitana shehe kuti azinge mbuzi, poti amai Zubeda ndi Asilamu. Atafika, amai Zubeda sanadzele kumene timamwela mowa. Analowela khomo lakumbuyo ndi ndodo yawo, nakana mpando, napita molunjika pa poto. Ife akuluakulu a boma, ndi mataye athu, tinali kusuzumila pawindo ngati ana a sukulu.

Amai Zubeda anatenga cipande, nadonthezela msuzi pacikhatho, nanyambita.

"Julio, muli nshawa umu."

"Inde, amai."

"Na bwemba."

"Inde, amai."

Apo a Julio, bambo wa imvi, wa adzukulu asanu ndi awili, anatambasula dzanja kudikila cipande. Kunena zoona, ine mtima unandiwawa.

Amai Zubeda anayang'ana dzanjalo, kenaka anaseka mpaka misozi.

"Cosa kwanja, iwe! Ine zaka zonse izi nikali kuphika kari ya amai anga, nilibe kuikilako olo kamodzi. Iwe waphika yako. Nipakulile."

Anadya mbale ziwili ndi mpunga, thukuta lili kamukamu. Ife tinaombela m'manja pawindo pomwepo, manyazi onse atatha, ndipo wina anathamanga kukaliza belu ngakhale nthawi inali isanakwane.

Atasamba m'manja, amai Zubeda anapempha epuloni. Anatenga cipande cija n'kuciika m'dzanja la a Julio, kenaka anatambasula lawo.

"Lomba niphunzitse," anatelo. "Nikalakwitsa, ucidziwa cocita."