Mwauka, a Lovewell?

M'mawa uliwonse, asanasese n'pakhomo pawo pomwe, amai Everlyn ankamanga chitenge n'kuyamba kuzungulira makomo a odwala. Sankalowa m'nyumba ayi. Ankaima panja n'kuitana kuti, "Mwauka?" Ndipo sankachoka mpaka amve mawu.

Kuchalichi kwathu kuno ku Kavalamanja timanena Sondo iliyonse kuti mpingo ndi banja limodzi, wodwala asasiyidwe yekha. Tonse timavomera kuti ameni. Koma amene ankayenda nawo mawuwo ndi mapazi anali amai Everlyn. Udindo analibe. Kuimba sankatha, ankakhala kumbuyo pamodzi ndi ife a makanda.

Khomo lomaliza linali la a Lovewell, msodzi amene mvuu inawadula mwendo. Amakhala okha kumunsi, kuseri kwa mitengo ya masau, kumene njovu zimadutsa pochokera kumtsinje. Tsiku lina ndinawaperekeza amaiwo, mwana kumsana.

"Mwauka, a Lovewell?"

"Sindinafe, amai. Kavutitseni ena."

"Mufa bwanji inu? Kumwamba safuna fungo la nsomba."

A Lovewell anaseka mpaka kutsokomola. Amai Everlyn anawatungira madzi n'kuwasiyira masau ouma m'mbale. Pobwerera anandiuza kuti chaka china anawapeza atagwa pakati pa nyumba ndi chimbudzi, ndodo ili uko, dzuwa litawaotcha kale. Kuyambira pamenepo sanadumphepo khomo limenelo, ngakhale mvula igwe.

Chaka chatha miyendo ya amai Everlyn inayamba kutupa. Anagona kuchipatala ku Katondwe, anabwerako, inatupanso. Mwana wawo Nason anabwera kuchokera ku Lusaka nati akuwatenga akakhale nawo komweko.

Titatha mapemphero, akulu a mpingo anagawa makomo aja. Apafupi anatengedwa msanga. Atatchula la a Lovewell, palibe amene anakweza dzanja. Masau anali atapsa, ndipo njovu zinali zitathamangitsa kale azimayi awiri panjira imeneyo. Zosamukira kumtunda a Lovewell anakana kalekale, akuti manda a akazi awo ali pomwepo. Bambo wina anati, "Tiziwapempherera." Ine ndinangoyang'ana pansi. Dzanja linkafuna kukwera, koma amuna anga anali atandiuza kale kuti ndi mwana kumsana njovu sindingaithawe. Sananame.

Tsiku lonyamuka ndinapita kukathandiza kutulutsa katundu. Amai Everlyn anachita kuwanyamula powakweza m'motoka, miyendo yokulungidwa nsalu. Azimayi a mpingo anayamba nyimbo, ena akulira. Eni ake sankamvako n'komwe, maso anali ku mitengo ya masau. Kenako anandikodola.

"Amake Wongani, tabwerani."

Ndinayandikira. Nason anali ataliza kale motoka. Amai anandigwira pamkono, chikhatho chawo chozizira.

"Madzi musatunge ayi, muli ndi mwana. Dikirani dzuwa likwere, njovu zipite. Mukaime patali, pa chulu paja."

Ndinafuna kuwauza kuti kunyumba sakandilola. Ndinangokonza chipewa cha Wongani. Motoka inayamba kuyenda, iwo akali chindigwirire.

"Mungofuula kuti, 'Mwauka?' Basi. Koma mudikire ayankhe."