Tsiku limene Tiwonge anayankhula

Loweruka lapitali ndikutuluka ku Area 47, ndinaona Tiwonge pasiteji akudikira minibasi. Mtsikanayu anamaliza maphunziro chaka chatha, ndipo amayang'anira laibulale ya pasukulu ina ku Old Town. Ndinaimika galimoto.

"Kwera mwanawe. Ukupita kumsonkhano wa bungwe lathu la oyang'anira malaibulale, eti?"

Anaseka. "Ayi amayi, wanga ndi wa kumsika. Kuja n'kwa inu akuluakulu. Ndinapitako kamodzi, anandipatsa pepala kuti ndizilemba maina pakhomo. Msonkhano unatha ndili panja."

Mawuwo anandilasa, chifukwa amene anamupatsa pepalalo ndinali ine. Iye sanatchule, koma ndinakumbuka.

Ndinamuchonderera mpaka analola. Titafika ku City Centre ndinamukhazika pambali panga, kutsogolo kwenikweni.

Nkhani inali yomwe ija ya chaka ndi chaka: ana sakubwera kudzawerenga. Aliyense ankaloza chala mafoni. Ine ndinakweza dzanja n'kuuza a Gondwe, apampando athu, kuti pali mnzathu watsopano amene kwake ana amachita kudzaza.

Tiwonge anaimirira. Anati Lachitatu lililonse amatulutsa mabuku panja, pansi pa mtengo wa mango, ndipo mwana aliyense amawerengera anzake tsamba limodzi mokweza. Ana amene ankaopa chipinda cha zii chija tsopano amalimbirana malo.

"Nanga mabuku sakuda?" anafunsa a Gondwe.

"Akuda ndithu, bambo. Koma oyera aja palibe amawatsegula."

Holo yonse inafa ndi phwete. Pomaliza a Gondwe anamupempha Tiwonge kuti mwezi wamawa adzatiphunzitse bwino, ndipo adzabwere ndi anzake a msinkhu wake.

Abale anga, izi si za ku malaibulale kokha. Kumabungwe a aphunzitsi, a anamwino, ngakhale kutchalitchi, timadandaula kuti achinyamata sabwera. Koma akabwera timawatani? Agawe zakumwa, akonze mipando, atijambule zithunzi. Akasiya kubwera, ife n'kumati ana amakono alibe chidwi.

Paja m'mera mpoyamba. Munthu akaona chaka choyamba chomwe kuti mawu ake ali ndi malo, bungwe amalitenga ngati lake.

Ine ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Bungwe lathu silidzapuma pantchito limodzi nafe.

Nanga inu mwakhala mukomiti zaka zambirimbiri inu, ndi liti munafunsa wachinyamata maganizo ake n'kudikira mpaka amalize?