Tsiku Limene Ndinakana Kunyamula Mwana

Anzanga, ine ndi Tae-gyun tinakumana pa benchi ya chipatala china mumzinda wa Daejeon, kunja kuno. Iye ankadikira bambo ake. Ine ndinali nditangobayidwa mankhwala a scan.

"Sunthani pang'ono, achimwene," ndinatero. "Lero ndikutulutsa radiation."

"N'chifukwa chake mukuwala chonchi eti?"

Sanasunthe.

Ndinamuuza zonse tsiku lomwelo, poti ine zobisabisa zimanditopetsa. Kwathu kuli matenda akumtundu, timatuluka zotupa m'ziwalo zopanga mahomoni. Ndi omwe anatenga mayi anga. Nthawi ndi nthawi madokotala amandibaya mankhwala okakamatira pa chotupa, kenako makina amajambula thupi lonse. Mwana amene ndingabereke akhoza kutengera kapena ayi, ndi half-half.

Zaka ziwiri, scan iliyonse ankandidikira pa benchi ija atanyamula phala la dzungu. Ndinamukonda, sindinama.

Titayamba kukamba za ukwati ndinamufunsa, "Amayi ako wawauza?"

"Kalekale! Akuti palibe vuto."

Ndiye scan ina inagwera tsiku la phwando la mwana wa mchemwali wake, atakwanitsa chaka. Nesi anandikumbutsa zanthawi zonse: "Lero musanyamule makanda."

Kuphwandoko mayi ake a Tae-gyun anabwera ndi mwanayo akusekerera.

"Nyamula, mwanawe, uzizolowereratu!"

Ndinabwerera m'mbuyo. "Pepani Amayi, lero sindingathe. Ndabayidwa mankhwala aja m'mawa."

"Mankhwala ati?"

"A matenda akumtundu kwathu aja... omwe Tae-gyun anakuuzani."

Mayi aja anamukumbatitsa mdzukulu wawo, n'kutembenukira mwana wawo.

"Iwe, matenda anji?"

Tae-gyun anayang'ana m'mbale yake.

"Amayi, inenso ndikuzimva kumene."

Anzanga, munthu amene ankadziwa ngakhale dzina la nesi wanga!

Sindinakangane naye. Ndinawerama, ndinavala nsapato zanga pakhomo, n'kumapita. Ndili m'basi meseji yake inalowa: "Ukanangonena kuti uli ndi chimfine."

Apa m'pomwe ndinalira.

Sabata yotsatira ndinakamva zotsatira ndekha. Mulibe chotupa chilichonse. Ndinakhala pa benchi ija, wondiuza "zikomo Mulungu" panalibe.

Munthu akakuuzani kuti kwawo wawauza, musangokhutira. Pitani naye, akanene inu muli pomwepo.