Bondo la Achemwali

Linali Lachinayi la sabata yachitatu ya Meyi. Ndinali pakhonde ndikukutira makope ndi nyuzipepala pamene wakabaza anatsitsa achemwali anga kumsewu. Ankachokera ku Lilongwe kukaonetsa bondo. Ndinawaona akubwera, mwendo wakumanja uli chiwongokere, chidendene chikukokera fumbi, ndipo ndinadziwa asananene kanthu.

Achemwali ankasewera tenesi. Kwathu ku Wimbe anthu ambiri sankakhulupirira kuti imeneyo ndi ntchito. Anaphunzirira kutauni, ali kwa azakhali, ndipo atakula kalabu ina inawatenga n'kumawatumiza kumipikisano, ina mpaka kunja kwa dziko. Ine ndinangowaonerapo pafoni, akuthamanga chammbali, kuima mwadzidzidzi, n'kutembenuka. Kutembenuka komweko ndi kumene kunadula mtsempha wa m'bondo. Anawachita opaleshoni mu Januwale. Mu Febuluwale anabwera kumudzi ndi ndodo ziwiri, komanso pepala lojambulidwa kamunthu kakupinda mwendo.

Pepalalo anandipatsa ine.

"Iwe suiwala zinthu," anatero. "Katatu patsiku. Ugwire chidendene, uzikankha mpaka bondo lipindike. Ndikalira usandimvere chisoni. Wamva?"

Ndinavomera ndi mutu. Ndinasangalala kuti asankha ine, munthu woti ngakhale m'kalasi sindikweza mkono.

Tinachita masiku anayi okha. Tsiku lachisanu ndinakankha kwambiri pang'ono, iwo n'kukuwa. Amayi anathamanga kuchokera kuchigafa choyanikiramo fodya, manja ali bii ndi phula la fodya.

"Mayo ine! Mwana iwe, ukufuna umuthyolenso?"

"Amayi, ndi adokotala ananena," achemwali anayankha akupukuta misozi.

"Adokotalawo ali ku Lilongwe. Ulusi ukaduka kuno abwera? Chinthu chosoka amachita kuchikoka? Taleka, iwe!"

Ndinachotsa manja. Amayi anagwada n'kuyamba kusisita bondolo pang'onopang'ono ngati mutu wa khanda, ndipo ine ndinadziona ngati wankhanza.

Inali nthawi yothyola fodya, ndipo pakhomo pathu nthawi imeneyo palibe amene amakhala chabe. Abambo anaganiza zowachitira chifundo achemwali. Anati kumunda asapite, azingosoka. Kusoka fodya ndi ntchito yokhala pansi. Amayala thumba mumthunzi wa chigafa, munthu n'kutambalala, masamba ali mulu pambali, n'kumawabaya kutsinde ndi singano yaitali. Akazi onse kwathu amakhala choncho, miyendo yowongoka, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Aliyense anati ndiwo makhalidwe abwino a mwendo wodwala.

Ndipo achemwali ankasoka mwachangu kuposa tonse. Abambo ankaseka akamanyamula zosokazo.

"Zaka zonsezi dzanja limeneli timalitaya ndi kampira! Kani ndi la singano?"

"Mundilembe utenanti basi, ababa," ankayankha, anthu n'kuseka. Kanali koyamba kuwamva achemwali akuseka chibwerereni.

Ndikaweruka kusukulu ndinkaima patali ndi pepala m'thumba la yunifolomu. Pansi pa zithunzi panali mzere wodulidwa kunsi, wonena kuti mwendo usamakhale wowongoka nthawi yaitali chifukwa bondo limauma. Ndinkauwerenga panjira mpaka ndinauloweza. Ndikayandikira ndinkanong'ona kuti, "Achemwali, zija." Iwo ankayang'ana kumene kuli amayi, kenako bondo lawo, n'kunena kuti, "Mawa, iwe. Taona mulu wonsewu." Ndikuganiza kuti ankaopa ululu. Ine ndinkaopa mawu a amayi, komanso ndinkaopa kuchotsa kuseka kuja. Madzulo aliwonse ndinkalemba m'kope langa lobisa kuti lero sitinachite. Kusoka kutatha kunabwera kusankha fodya, ntchito yokhalanso pansi chimodzimodzi. Masamba a kope langa anadzaza ndi mawu omwewo.

Tsono Lachinayi limenelo achemwali anafika pakhonde n'kukhala pampando, mwendo utaloza kubwalo. Amayi anatuluka ndi madzi m'kapu.

"Mwayendako bwanji? Akuti chapola?"

"Chilonda chapola bwinobwino, amayi."

"Eya! Si ndinanena? Kusamala."

"Chapola chowongoka." Anamwa madzi. "Anandigoneka pabedi, anthu awiri n'kumapinda. Linafika apa basi." Anasonyeza ndi dzanja kupindika kochepa, koti sungakwere nako ngakhale njinga. "Akuti m'kati mwamera minofu yolimba. Miyezi imene inali yofunika ndi yomwe yapitayi."

"Ndiye apereka mankhwala anji?"

"Palibe mankhwala. Akuti ndikalimbikira mwina ndidzayenda osatsimphina. Za kubwerera pabwalo la tenesi anangoti tiona. Koma ponena amayang'ana pafayilo, osati ine."

Amayi anangoti bola moyo, ndipo anabwerera kukhitchini. Sindikudziwa ngati anamvetsa. Mwina anamvetsa, chifukwa ndinamva mbale zikugwa.

Tinatsala awiri. Ndinkapinda ndi kupindanso ngodya ya nyuzipepala pakope la Bayoloje.

"Adokotala anafunsa ngati ndinali ndi wondithandiza kunyumba," anatero.

"Munati chiyani?"

"Ndinati ndinalibe."

Sananene mokalipa. Anangotola kope limodzi n'kuyamba kulikutira, mwaluso, m'mbali mwake mosalala. Ndikanakonda akanandimenya nalo.

"Achemwali, pepani. Mzere uja ndinauona. Ndinkaudziwa."

"Nanenso ndinkaudziwa. Ndine wamkulu ndine." Anaika kope pamulu. "Akalabu aimba foni ndili m'basi. Malo anga apatsa kamtsikana kena ka ku Blantyre. Kamamenya bwino, ndinakaphunzitsako ndekha kutumiza mpira woyamba."

Anaseka pang'ono, koma kuseka kwake sikunali kwa kuchigafa kuja. Kenako anadzuka, kugwira chipupa, n'kulowa m'nyumba. Pakhomo pathu pali sitepe imodzi yokha. Anaikwera ndi mwendo wakumanzere, wina uja n'kuukoka pambuyo.

Dzuwa lisanalowe ndinatenga kope langa lobisa n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe. Ndinawerenga masiku amene tinataya, ndipo nditafika pakati ndinasiya. Sindinkakhulupirira kuti bondo limene lakanika anthu awiri ophunzira lingamvere manja anga. Sindinkadziwanso ngati achemwali angalole kuti ndiwagwire. Komabe ndinalemba chimene ndinatsimikiza: mawa m'mawa, ndisanavale yunifolomu, ndiyala mphasa pakhonde pomwe amayi amadutsa, ndigwira chidendene cha achemwali, ndipo onse awiri akakuwa sindichotsa manja.